D Wanga ndi D wa a Mestre

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Ndiima, chifukwa ndikakhala pansi mawu amandithawa. Ena mumandidziwa, ndine Tomasi, uja wosoka mipando ya galimoto kuseri kwa msika kuno ku Mandimba. Ena munakhalapo pa ntchito ya manja anga osadziwa, mukupita ku Cuamba pa shapa, maminibasi athu aja. Ngati sipuling'i sinakubayeni m'thako ulendo wonse, mpandowo ndinaugwira ndine.

Andiuza kuti ndifotokoze m'mene ndinasiyira kachasu. Ndinene poyamba kuti nkhani yanga si yoongoka. Anzanga amene alankhula kale akudziwa tsiku limene anagwa ndi tsiku limene anadzuka. Ine ndinachotsedwa ntchito chifukwa cha kuledzera m'sabata imene sindinamwe, ndipo amene anandipulumutsa ndi wogulitsa kachasu. Mpaka pano ndikaiganiza mutu umazungulira, ndiye mundipirire.

Kwathu ndi ku Ngauma. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu ndinali mnyamata wongoyamba kumera ndevu, sukulu ndisanaiponde n'komwe. Tinathawira ku Malawi. Zilembo ndinaziphunzirira kukampu konko. Ukwati ndinamangira konko ndi mayi a Rita, amene kwawo ndi ku Massangulo. Ntchito iyinso ndinaiphunzirira konko, kwa bambo wina amene ankasoka mipando ya maminibasi. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kuti chovala chakale cha mpando sutaya, ngakhale chitang'ambika bwanji. Umachiphwasula msoko ndi msoko, zidutswazo n'kuziyala pa nsalu yatsopano, n'kudula motsatira. Chilichonse umachilemba ndi choko kuti usasokoneze. Cha mpando wa dalaivala umalemba D.

Mtendere utabwera anatikweza m'malole n'kudzatitsitsa pa Mandimba pano. Ku Malawi zaka zonse zija ankatitchula othawa kwawo. Tafika kwathu, akutitchula Amalawi. Chipwitikizi changa chinali cha moni basi. Kumudzi ndinapeza mitengo ya mango yokha, nyumba palibe, ndipo manda a mayi anga sindinawazindikire chifukwa cha tchire. Ndinaima pamenepo ndikufunsa anthu oti nawonso angofika kumene kuti pathu panali pati. Aliyense ankaloza kwake.

Ntchito inali ku Cuamba. Masiku amenewo magalimoto akufa ankauka. Anthu ankawakoka pansi pa mitengo pomwe anakhala nkhondo yonse, nkhuku zikuikiramo mazira, makoswe atadya siponji yonse. Injini akaidzutsa, mipando ankabwera nayo kwa a Mestre Jorge. Bambo amenewa anakalambira ku njanji akusoka mipando ya m'sitima, ndipo atapuma anatsegula kaofisina kawo kuseri kwa nyumba. Ananditenga atangoona msoko wanga. Iwo Chinyanja chothyokathyoka, ine Chipwitikizi chothyokathyoka, koma manja athu ankamvana. Nawonso ankalemba ndi choko, mpando wina D, wina E. Nditaona D uja mtima unakhala pansi, ndinati eya, ntchito ndi imodzi dziko lonse, D ndi dalaivala. E ndinangodziuza ndekha kuti ndi enawo, okwera aja. Sindinafunse. Tinagwira choncho zaka ziwiri osalakwitsa n'kamodzi komwe.

Kachasu anabwera ndi madalaivala. Ukamaliza mpando, dalaivala amakhalapo, kudzigwedeza uku ndi uku, n'kunena kuti mesho, tiye ukanyowetse kukhosi. Poyamba linali Loweruka lokha. Kenako Lachisanu linalowapo. Kenako madalaivala akapanda kubwera ndinkapita ndekha kwa mayi Luiza, amene ankatcheza kachasu kutsidya kwa njanji. Ndikamwa, funso lija loti kwathu ndi kuti linkakhala chete. Ndinagulitsa njinga. Ndinagulitsa sizasi yanga yochokera ku Malawi n'kunama kuti yabedwa. Ndinasoka chala changa pamodzi ndi napa, chikopa chopanga chija timakutira mipando, ndipo chipsera chake ndi ichi. Za manyazi zenizeni ndi izi, ndipo ndizinena chifukwa pano palibe mwana. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinagona m'galimoto ya munthu, pa mpando umene ndinali nditangoumaliza, n'kuukodzera. Mwini wake anandipeza momwemo.

Mayi a Rita sanakalipe. Bola akanakalipa. Anamanga mtolo, kubereka Rita, n'kundiuza ali pakhomo kuti, "Bambo a Rita, ine ndapita kwa amalume ku Massangulo. Mukadzasiya, a Mestre adzalembe kalata. Mawu anu okha ayi, ndawamva mokwana. Mvula ikadzagwa kalata isanabwere, amalume adzaitana ankhoswe, tidzathetse."

A Mestre nawo anandiyika pakhoma. "Tomasi, kamodzi kokha. Ndikadzangomva fungo, pronto, watha."

Ndiye banja langa lonse linatsalira pa kalata imodzi ya bambo amenewa. Ndinasiya tsiku lomwelo. Amene munayesapo mukudziwa kuti masiku oyamba amakhala otani. Manja kunjenjemera, thukuta la chisanu, mutu ngati mwadzadza njuchi. Ndinkaika sipanala pansi, kutembenuka, osaidziwanso pamene ili. Ndikangowodzera pang'ono ndinkalota ndikumwa, n'kudzidzimuka kukamwa kukuwawa kachasu, osadziwa kuti ndamwadi kapena ndalota. Lachiwiri ndi Lachitatu zinkalowana.

Sabata yachiwiri kunabwera galimoto yoyera ya bungwe lina, yonyamula odwala kumidzi. Inachokera kunja, chiwongolero chili kumanzere. Yotereyi inali isanalowepo pa ofisina pathu. A Mestre anandituma kusiteshoni kukalandira napa yochokera ku Nampula. Pobwera ndinapeza atavula kale zovala zakale za mipando iwiri yakutsogolo, ataziphwasula, ataziunjika milu iwiri, wina D, wina E. Mipando yamaliseche inali ikadali m'galimoto. Iwo anali atavala jekete, uthenga wa maliro utawapeza kuchokera ku Entre Lagos. Anati, "Ndibwera Lachisanu. Iyi ntchito ya azungu, Tomasi. Ukaigwira bwino, kalata ija tilemba."

Ndinamasula mabawuti, kutulutsa mipando. Pa chitsulo cha mpando umene unali kuseri kwa chiwongolero ndinalemba D wanga. Pa winawo E. Ndinaika siponji yatsopano, kumanga masipuling'i, kudula napa motsatira zidutswa za a Mestre. Abale, ndinasoka. Manja akunjenjemera choncho, koma msoko unali ngati wojambula ndi rula. Mumtima ndinali nditafika kale ku Massangulo.

Ndiye ndinatenga chovala cha D kuveka mpando wa D. Chinakana. Bowo lotulukira kachitsulo kogonetsera mpando, limene liyenera kukhala mbali ya kuchitseko, linali mbali ya mkati. Ndinatenga cha E kuveka mpando wa E. Chimodzimodzi.

Ndikuona ena mukumwetulira. Inde, ngakhale wosadziwa ntchito akanati sinthanitsa basi. Ganizo limenelo linandibwereradi. Koma ndinayang'ana choko cha a Mestre, ndinayang'ana choko changa, D ndi D. A Mestre salakwitsa. Wolakwitsa pa ofisina imeneyi ankadziwika, ndine. Ndinati mutu wangawu ndiwo wandipusitsa, ndayala zidutswa chozondoka podula. Ndipo ndikaveka cha D pa mpando wa E, akadzabwera n'kuona, adzati kachasu. Maso anga ankandiuza china, choko chinkandiuza china, ndipo ine ndinali nditasiya kalekale kukhulupirira maso anga. Ndinatenga sizasi ya a Mestre, kuboola mabowo atsopano m'napa yatsopano, akale aja n'kuwatseka ndi zigamba. Mipando yonse iwiri. Ndinakoka, kukankha, mpaka zinalowa, koma zitakwinyika ngati nkhope ya munthu wodya bwemba.

Lachisanu a Mestre anafika pamodzi ndi dalaivala wa bungwe lija. Dalaivala anazungulira mipando kamodzi, kuloza zigamba, kulankhula Chipwitikizi chothamanga chimene ndinangomvapo mawu amodzi, bebado, chidakwa. A Mestre anandiyandikira, kundinunkhiza kukamwa pamaso pa mlendo.

"Watafuna chiyani chobisa fungo?"

"A Mestre, sindinamwe."

"Munthu wosamwa angaboole napa yatsopano kawiri? Tomasi, ine ndakalamba koma si mwana."

"Ndikulumbira pali Mulungu, sindinamwe."

"Unalumbiranso za sizasi ija."

Pamenepo ankanena zoona. Anandilozera kuchipata. Za kalata sanazitchule n'komwe. Ndikutuluka ndinaona mitambo itayamba kudera chakumapiri, anthu akudutsa ndi makasu pamapewa.

Tsopano apa ndipite pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Mapazi ananditengera okha kunjanji. Ndikuyenda ndinkadziuza kuti andinamizira. Nditadutsa siteshoni ndinayamba kudzifunsa kuti kodi andinamiziradi? Lachiwiri masana ndinali kuti? Ndinkakumbukira kapu m'manja mwanga, kapu yachitsulo yokhala ndi chibowo pa chogwirira. Ndinkakumbukira kutentha kwake pakhosi. Kodi amenewo anali maloto aja, kapena ndinawolokadi njanji, kumwa, kubwerera kukadula napa? Ndinayesa kuyala masiku m'mutu ngati zidutswa za chovala, koma Lachiwiri linkasowa. Abale, kunamiziridwa kumapweteka. Koma kusadziwa wekha ngati akukunamizira kapena akunena zoona, kumeneko ndiye kufa uli moyo. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene tinathawa mfuti.

Ndinafika kwa mayi Luiza cha m'ma thuu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinapita kukamwa kapena kukafunsa. Mwina zonse ziwiri. Anali akutsuka mabotolo. Atandiona anangothira m'kapu n'kuika pa benchi pafupi ndi bondo langa. Kapu yake yomwe ija, ya chibowo pa chogwirira. Fungo linandilowa mpaka m'mano. Mumtima munabwera mawu oti dzina la chidakwa wapatsidwa kale, ntchito yapita, kalata yapita, ndiye ukusungira ndani pakhosi pako? Ndinainyamula. Kachasu wina anatayikira pa buluku.

Ndisanaifikitse pakamwa ndinati, "Mayi, mundiuze zoona. Lachiwiri ndinabwera kuno?"

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa dzina la agogo awo. "Lachiwiri liti?"

"Lapitali. Kapena Lachitatu. Sabata ino yonse."

"A Tomasi, inu mwandithawa sabata ziwiri. Ndinkayesa mwasamukira kwa wina, mpaka ndinafunsa anzanga onse otcheza mbali ino kuti wandilanda munthu wanga ndani. Onse akuti sanakuoneni. Kodi mukudwala?"

Ndinaika kapu pansi. Ndinalira, bambo wamkulu, pakati pa mabotolo. Sindinamwe! Koma misozi isanaume chisokonezo china chinabwera: ngati sindinamwe, nanga mipando ija ndinaiononga bwanji? Ndiye kuti mutu wanga wafa basi, ndi mowa kapena wopanda mowa. Ndinawafotokozera zonse, za mipando, za kalata, za mvula. Anamvetsera, kenako anabwezera kachasu uja m'botolo, kumanga chitenje bwinobwino, n'kunena kuti, "Tiyeni. Ine ndimagulitsa mowa, sindigulitsa mabanja a anthu."

A Mestre atationa tikulowa anagwira m'chiuno. "Wabwera ndi mboni, mboni yake ya kachasu!"

Mayi Luiza sanaope. "Bambo, wamisala anaona nkhondo. Kachasu wa mbali yonse iyi amadutsa m'maso mwanga. Munthu uyu sabata ziwiri sanalawe."

A Mestre anakwiya kwambiri. Anakoka chidutswa chakale pa mulu, kugubuduza mpando, kuwaonetsa. "Onani, mayi. Apa ndalemba. Apa walemba yekha. Chilembo chimodzi. Chovuta n'chiyani kwa munthu wa mutu wake?"

Mayi Luiza sadziwa kuwerenga. Anawerama, kuyang'anitsitsa choko chija, n'kufunsa funso limene ine sindinafunse zaka ziwiri. "Kodi kachizindikiro kamimba aka kamati chiyani?"

Tinayankha nthawi imodzi. Ine ndinati, "Dalaivala." A Mestre anati, "Direita."

A Mestre ananditembenukira. "Wati chiyani?"

"Dalaivala. Woyendetsa."

"Motorista? Iyayi! Direita, kumanja! E ndi esquerda, kumanzere. Nanga iwe E umati ndi chiyani?"

"Enawo."

"Enawo ndani?"

"Okwera."

Bambo aja anakhala pansi pa tayala. Anayang'ana galimoto yoyera ija, chiwongolero chake chili kumanzere, anayang'ana ine. M'magalimoto onse amene tinagwirapo dalaivala amakhala kumanja, ndiye D wanga ndi D wawo ankagwera pa mpando umodzi. Zaka ziwiri tinkamvana tisakumvana. Inangofunika galimoto imodzi yochokera kunja kuti itilekanitse. Anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, mayi Luiza akutifunsa kuti chachitika n'chiyani, chifukwa iwo anali asanamvebe.

Ine ndinayesa kuti basi, ndayera. Koma atamaliza kuseka anandiuza mawu amene ndimayenda nawo. "Tomasi, chilembo ndi mlandu wa tonse awiri. Sizasi ndi mlandu wako. Unaona ndi maso kuti bowo lili kolakwika. Bwanji sunasinthanitse? Bwanji sunandidikire?"

Ndinati, "Sindinkakhulupirira mutu wanga."

Anati, "Ndiye kachasu anadula nawo napa imeneyi, ngakhale sunamwe."

Ndinali wolakwa kapena wosalakwa? Mpaka lero ndikawafunsa anthu, ena amati uku, ena uku. Chimene ndikudziwa n'chakuti safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Mawa lake tinasinthanitsa zovala zija, zinalowa ngati sokosi. Tinaphwasula zidutswa za m'mbali zimene ndinaboola, kudula zina pa napa yotsala, imene inangokwanira ndendende. Galimoto inapita kukanyamula odwala. Koma kalata anati ayi, sabata ziwiri si kusiya, ndi kupuma chabe. Ankafuna mwezi wathunthu.

Zimene ndinachita mwezi umenewo si zanzeru zakuya. Ndinasiya njira ya kunjanji, ndinkazungulira kumsika ngakhale kunali kutali. M'mawa ndinkayamba ndadya kanthu ndisanagwire makina, chifukwa njala ndi ludzu lija zimayenda limodzi. Dalaivala akati tiye ukanyowetse kukhosi, ndinkati mundigulire tiyi, ena n'kumandiseka kuti ndalowa usisitere. Chovuta kwambiri chinali ichi: ndinawapempha a Mestre kuti azindinunkhiza kukamwa pofika ndi poweruka, ndipo tsiku likatha bwino azilemba kamzere pakhoma ndi dzanja lawo. Zochititsa manyazi, inde. Koma maloto aja akabwera, ndinkapita pakhoma paja n'kuona kuti Lachiwiri lilipo, silinasowe. Ndipo chilichonse chondisokoneza ndinkachifunsa mokweza, ngakhale chooneka chopusa. Pa mipando tinasiya zilembo, tinayamba kujambula kachiwongolero.

Ndisakunamizeni kuti zinayenda myaa. Tsiku lachisanu ndi chinayi, pa maliro a mnansi, munthu anandipatsira kapu ndipo ndinameza kamodzi ndisanaganize. Palibe wa ku ofisina anandiona. Ndinakawauza ndekha a Mestre. Anatenga chiguduli, kufufuta mizere yonse, tinayambiranso. Ndikuona mizere yanga ikufufutika, kunja mvula yoyamba inali ikugunda malata.

Mwezi unakwana mvula itagwa kale kangapo, chimanga chitamera. Ndinatenga kalata, kuikulunga m'pulasitiki, kukwera shapa mpaka Mandimba pano, kenako lole, kotsalako wapansi m'matope. Ndinafika ku Massangulo n'kupeza amalume awo a mayi a Rita atatumiza kale mawu kwa ankhoswe kuti akumane Lamulungu. Anandilandira pakhonde ndi ulemu wozizira uja amapatsa mkamwini amene watsala pang'ono kukhala mlendo. Rita anabisala kuseri kwa mayi ake.

Ndinapereka kalata ndi manja awiri. Amalume anaitembenuza uku ndi uku. Inali ya Chipwitikizi chokhachokha, cholemba chopendekera cha anthu a ku njanji. Iwo sanathe kuiwerenga, mayi a Rita sanathe, ine amene ndinaisenza ulendo wonsewo sindinkadziwa kuti ikunena chiyani. Mwina inkanditamanda, mwina inkanena za mizere yofufutidwa ija. Amalume anati adikire mphunzitsi wa ku mishoni, abwera mawa kapena mkuja.

Mayi a Rita analowa m'nyumba. Anatuluka ndi singano yaing'ono yosokera malaya ndi ulusi wakuda. Anagwada, kundipatsa. "Bambo a Rita, kalata ndi ya a Mestre. Ine ndikufuna ndione manja. Lowetsani."

Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu. Ndinaphonya. Ndinayesanso, ndinaphonya. Manja anali atasiya kunjenjemera sabata zingapo, koma tsiku limenelo anayambiranso, ndipo sindinkadziwa ngati ndi kachasu wakale kapena mantha. Amalume anatsokomola, kuyamba kupinda kalata ija. Ndinati, "Mayi a Rita, sindinamwe, koma sindikutha. Ndithandizeni."

Mayi a Rita anasendera pafupi. Kenako anatambasula dzanja, kundigwira pamkono apa, molimba. Ulusi unalowa.

Amalume anati, "Aa, iwe, kumeneko si kubera?"

Mayi a Rita anayankha akuyang'ana ine, osati amalume. "Zaka zonsezi bamboyu sananenepo kuti sindikutha. Rita, bwera udzapereke moni kwa bambo ako."

Ine ndaima pomwepa, abale. Amene dzanja lake likunjenjemera lero asalibise m'thumba. Zikomo.